Nkhanu ndi Khomo la Madzi

Padangokhala, ndipo ngati tili tonse, senderani kuno.

Panali kamtsinje kena kamene kanali ndi mitima iwiri. M'dzinja kankabwera ndi ukali n'kukokolola madimba. M'chilimwe kankaphwa mpaka nyama kumafukula mchenga kuti zipeze chonyowetsa kukhosi. Zitatopa nazo, nyamazo zinagwirizana zomanga damu. Zinatuta dongo m'madengu, kuthira pang'ono, kuwaza madzi, kutsindira ndi mapazi, kuthiranso, kutsindiranso, miyezi itatu yathunthu, mpaka khoma linaima.

Ena akamakamba nkhaniyi amati damulo linali ngati nyanja. Kumeneko n'kukokomeza. Linali laling'ono, loti Bakha ankaliwoloka asanamalize kupereka moni kwa mnzake wa kutsidya. Koma ntchito yake inali yaikulu. Nyama zinkamwa mpaka mvula ina kugwa. Madimba a kunsi kwake ankabiriwira chilimwe chonse. Madzi aukali a m'dzinja ankayamba apuma m'damumo asanatsikire kwa ena. Nyama za m'mitsinje ina zinkabwera kudzaona, ndipo eni ake ankayenda mothimbwidzika. Anali ndi chifukwa.

Damulo linali ndi malamulo atatu. Loyamba, pakhoma sabzalapo mtengo, chifukwa mizu ikawola imasiyira madzi njira. Lachiwiri, m'mbali mwa khoma munali mpata wotsikirapo, woyalidwa miyala, umene ankautcha khomo la madzi. Damu likadzaza, madzi otsala ankatulukira pamenepo n'kulambalala madimba, ndipo khomolo silinkatsekedwa. Lachitatu, mlonda wa damu ankayenera kumanga nyumba yake kunsi kwa khoma, pamalo penipeni pamene madzi angayambire kufika khomalo litagumuka. Akuluakulu ankati mlonda wogona pamtunda amayang'ana ndi diso limodzi.

Mlondayo anali Nkhanu. Anamusankha chifukwa cha kayendedwe kake. Nyama zina poyendera khoma zinkayang'ana kumene zikupita, koma Nkhanu poti amayenda cham'mbali, maso ake sankachoka pakhomapo kuyambira kuno mpaka uko.

Nyamazo zinalinso ndi nyimbo yotsindirira dothi. Woyambitsa ankafunsa madzi kumene akuthamangira. Ovomera ankawauza kuti akhale pansi apume ngati mlendo, ndipo akafuna kupita atulukire pakhomo, asaboole chipupa. Pa liwu lomaliza onse ankaponda pamodzi, dii!

Wapampando wa damu anali a Mvuu. Sanali ankhanza ayi, ndipo pomanga paja palibe amene anatsindira dothi kuposa iwo. Koma zaka za madzi okwanira zinawanenepetsa, mpaka msana wawo unayamba kuonekera pamwamba pa madzi. Dzuwa linkauwotcha, ndipo akakowa ankaterapo ngati pachilumba.

Tsiku lina anaitanitsa msonkhano.

"Iwe Nkhanu, tayang'ana msana wangawu."

"Ndauona, bwana wapampando. Ndi msana woyenera mpando."

"Sindinakuitanire zonditama. Wang'aluka ndi dzuwa. Madzi achepa m'damu muno."

"Madzi ndi omwe aja, bwana. Mwina chimene chachuluka ndi..." Nkhanu anameza mawu otsalawo.

"Chaka chilichonse madzi abwinobwino amangotuluka pakhomo paja kupita kwa nyama zosatithokoza n'komwe," anatero a Mvuu. "Titseke khomolo. Damu likwere."

"Pepani, akuluakulu," anatero Nkhanu. "Madzi akasowa khomo amadzipangira lawo. Akangodutsa pamwamba pa khoma la dothi, amalidya monga mvula imadyera njerwa zosaotcha."

Nyani, amene anali kapitawo wa ntchito zonse za padamu, anaseka mpaka kugwira nthiti. "Tamumvani! Khoma limene tinatsindira ife, miyezi itatu? Mlonda wathu akuopa kunyowa, chonsecho ndi nkhanu!"

Msonkhano wonse unaseka, ndipo nkhani inagamulidwa. Nyamazo zinkalikonda khoma lawo, ndipo amene amanyadira chinthu sachedwa kukhulupirira kuti sichingawonongeke.

Nkhanu anafika kunyumba ali duu. Mkazi wake anali atanyamula mazira kumimba, monga zimachitira nkhanu zazikazi. Katundu ameneyo satula pansi, ndipo sathamanga naye.

"Ndamva kuseka kuchokera kuno," anatero mkaziyo. "Tisamuke?"

"Mlonda akasamuka ndiye kuti walengeza kuti khoma lagwa. Nanga a Fulu ndi a Ntchenzi, ndi onse a m'madimbamu, asamukira kuti?"

"Ndiye muchita chiyani, bambo, ndi timanja tanuto?"

"Mwala sindinganyamule, mayi. Koma onyamula miyalawo ndikuwadziwa mitima."

M'mawa mwake Nkhanu anali woyamba kufika pantchito yotseka khomo.

"Akapitawo, poti zagamulidwa, tichite zolimba. Mukudziwa chimene chimagwira dothi latsopano?"

"Ndikudziwa," anatero Nyani. "Koma tanena, ndione ngati ukudziwa."

"Chinangwa. Mukachikwirira pakati, chimatulutsa mizu n'kumanga dothi ngati luzi."

"Nanga lamulo lija la mizu?"

"Lamulolo ndi la khoma lakale. Ili ndi lanu."

Nyani anakondwera nawo mawu amenewo. Anakwirira madengu awiri a chinangwa pakati pa dothi, nyama zikutsindira ndi kuimba. Mawu onena za kutulukira pakhomo anawachotsa m'nyimbomo, n'kuikamo akuti mlendoyo agone konkuno, asapitenso. Zinaponda pamodzi, dii! n'kubalalika.

Masana, a Mvuu atagona, Nyani anabwerera yekha. Anayang'ana uku ndi uku, n'kupisa dzanja m'dothi. Asanatafune kawiri anamva kufwenthera mbali inayo. Anasuzumira. Anali Nguluwe, mphuno yonse ili m'dothi.

"Achimwene, mukutani pano?"

"Nanga inu, akapitawo?"

"Ine ndikuyendera ntchito."

"Ine ndikukuthandizani kuyendera."

Anayendera ntchitoyo mpaka chinangwa chomaliza. Pofika madzulo khomo linali pululu. A Mvuu atafunsa, Nyani anati dothi la chaka chimenecho linali lofooka, ndipo Nkhanu anavomereza nkhope ili yachisoni: "Lofookadi, bwana. Ndinaliona likutha ndi maso angawa."

"Ndiye titseke ndi mitengo," anatero a Mvuu.

"Nzeru zimenezo," anatero Nkhanu. "Koma mitengo yanji? Yokhotakhota ya m'tchireyi, pa damu limene alendo amachokera kutali kudzaona? Adzati wapampando wa kuno alibe diso. Pamenepa pafunika chiwale, chowongoka, chosalala, chooneka bwino ngakhale uli kutsidya."

"Chiwale n'chosavutanso kunyamula," anatero Nyani, amene m'mimba munali mukumuwawabe.

Anadula chiwale, kuchisanja bwinobwino, kuchimanga ndi luzi. Chinakongoladi. Anaimbanso nyimbo ija ya mlendo wosaloledwa kupita, n'kuponda pamodzi, dii!

Mvula yoyamba inagwa, damu n'kudzaza. Madzi atafika pachiwale paja sanalimbane nacho. Anangochinyamula, poti chiwale sichimira. Mpanda wonse unadzuka uli womangidwa bwinobwino, n'kutuluka pakhomo pang'onopang'ono, akakowa atatu atakwerapo.

A Mvuu anauperekeza ndi maso mpaka unazimiririka. Kenako anatembenukira kwa Nkhanu, n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Malangizo ako awiri, onse athera panjira. Kuyambira lero uziyendera khoma pakamwa pali chitsekere. Nyani! Miyala. Ikuluikulu."

Njati ndi Nguluwe anagubuduza miyala masiku anayi. Anaisanja, kumata dongo m'mipata yake, ndipo ulendo uno khomo linatsekekadi. Nkhanu anazungulira miyalayo kawiri. Panalibe chodyeka, panalibe choyandama.

Mvula inagwa masiku atatu. Madzi anakwera, kupitirira pamene ankalekezera chaka chilichonse, n'kumakwerabe. Msana wa a Mvuu unamira. Nyama zinavina pakhoma, poti damu lawo linali lisanakulepo chotero.

Nkhanu sanavine. Kunsi kwa khoma kunali kakasupe kamene ankakayendera tsiku lililonse. Khoma la dothi silimwa madzi osachita thukuta, ndipo thukuta loyera silidetsa nkhawa. Koma tsiku lachitatulo madzi a pakasupepo anatuluka ofiira, a matope. Nkhanu anadziwa tanthauzo lake. Madzi anali atapeza kanjira m'kati mwa khoma, ndipo anali kutuluka ndi dothi la khomalo.

Anatunga madziwo m'chigoba cha nkhono, n'kusambira nawo mpaka pamphuno pa a Mvuu.

"Munanditseka pakamwa, bwana, koma izi sizoti n'kukhala nazo chete. Onani. Ili si thukuta. Khoma likutuluka magazi."

"Matope m'dzinja n'chodabwitsa?" anakuwa Nyani ali pamtunda. "Ndipo ngati pali dzenje m'khomamo, amakumba maenje kuno ndani? Si nkhanu?"

"Wamva," anatero a Mvuu. Mawu awo anali ofupika, opumira m'mwamba. "Ukabweranso ndi chigoba chakocho, ulonda watha."

Nkhanu anataya chigobacho n'kumira, kuti abwerere poyenda pansi pa madzi. Kumeneko anaona chimene nyama za pamtunda sizikanaona. Mvuu, ngakhale imakhala m'madzi, siisambira. Imaponda pansi. Tsopano madzi anali atazama, ndipo wapampando anali ataima ndi nsonga za zala, kudumpha pang'ono kuti apume, kutsika, kudumphanso. Zinaonekeratu kuti sanagone chidzazireni damu.

Nkhanu anaima pamenepo kanthawi. "Ohoo," anatero mumtima. "Nawonso atopa nayo miyala ija. Chawagwira ndi manyazi."

Atavuuka anaona kuti madzi atsala chikhatho chimodzi kuti afike pamwamba pa khoma, ndipo mitambo inali kusonkhananso. Anathamangira kumadimba.

"A Fulu, a Ntchenzi, tengani ana mukwere pachulu. Osatenga katundu. Mayi, nanunso nyamukani."

"Ndi mimba iyi ndikafika pachulu mawa," anatero mkazi wake.

"Yambanipo. Ine ndikukaona kapitawo."

Anamupeza Nyani atakhala pamwamba pa miyala ija, mwendo pa unzake.

"Akapitawo, ndabwera kudzapepesa."

"Wachedwa, koma nena."

"Miyala yanuyi! Mvula masiku atatu, osagwedezeka. Chikundiwawa n'chimodzi. Nyimbo yathu ikutama madzi, ikutama khoma lakale, koma dzina la amene anasanja miyalayi mulibe."

Nyani anatsitsa mwendo. "Nanenso ndakhala ndikuganiza zomwezo."

"Tiikemo. Muziti miyala ya Nyani sangaisunthe Njati."

"Sangaisunthedi."

"Sangaisunthe Njovu. Singaisunthe mvula."

"Nanga wapampando?"

"Aaa, amenewo tisawatchule. Mwina iwo angaisunthe."

"Iwo aja? Ndi mimba ija?"

"Ine sindikudziwa, akapitawo. Koma ngati n'zoona, kuimba zoona si mwano."

Nyani anaimirira, n'kuyambitsa nyimbo mokweza kuti ndi a kutsidya omwe amve. Maimbidwe anali omwe aja otsindirira dothi, koma tsopano woyambitsa ankatchula nyama yamphamvu imodziimodzi, ovomera n'kumayankha kuti imeneyo siingasunthe miyala ya Nyani. Nyama zimene zinali kuvina pakhoma zinavomera mosangalala. Anatchula Njati, zinavomera. Anatchula Njovu, zinavomera. Anatchula mwini mpando, ndipo poti nyimbo ikakoma pakamwa pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo, zinavomeranso, n'kuponda pamodzi, dii!

Kenako zonse zinatembenukira kudamu.

Madzi anagawikana. A Mvuu anatuluka n'kuyamba kuyenda molunjika kukhomo, ndipo Nkhanu anali kale pambali pa khutu lawo.

"Wati ndani sangaisunthe?"

"Musavutike nazo, bwana, ndi nyimbo chabe. Komanso mwala wapakatiwo, wakudawo, ndi umene wagwira inzake yonse. Ndi wolemera zedi. Pa msinkhu wanuwu, ine ndikanati musauyandikire n'komwe."

"Choka panjira."

Anaugunda ndi chifuwa mwala wakudawo. Sunasunthe. Anabwerera m'mbuyo, n'kuugundanso. Dongo linang'aluka, timadzi n'kuyamba kuthawira m'ming'alu. Nyani anayang'ana pansi pa mapazi ake, n'kudumphira mumtengo. Kachitatu a Mvuu anaika mutu pansi, kuponda zolimba, n'kukankha ndi mphamvu zonse zimene zinawatsalira. Mwala unagubuduka. Inzake inautsatira, ndipo damu lonse linapeza khomo lake.

Pali ena amene amati madziwo anawaulutsa a Mvuu mpaka kuseri kwa phiri. Sizinatero. Anatsetsereka chokhala pamiyala yoyalidwa ija, mikono ngati khumi, n'kukaima m'matope m'mphepete mwa dimba la a Fulu, mpiru uli pamutu. Madziwo anatsata njira yawo yakale, kulambalala madimba ndi nyumba, n'kukagwera mumtsinje kunsi. Mvula inayamba kugwa nthawi yomweyo, yamphamvu, koma damu m'malo mokwera linayamba kutsika.

Nyama zonse zinali pakhoma kuyang'ana wapampando wawo ali khale m'matope. Palibe anadziwa ngati aseke kapena athawe. Pamenepo Nkhanu anakwera pamwala n'kukuwa ndi mawu ake onse:

"Mwaona, abale? Khoma linali kutuluka magazi, ndipo wapampando atsegula khomo ndi chifuwa chawo! Miyala imene Njati anagubuduza masiku anayi, iwo aichotsa pogunda katatu!"

Nthungululu zinayambira pachulu, kumene a Ntchenzi anaona madzi akudutsa pambali pa nyumba yawo osaikhudza, n'kufalikira mpaka pakhoma. Ngakhale Nyani anawomba m'manja ali mumtengo. A Mvuu anachotsa mpiru pamutu, n'kuimirira pang'onopang'ono.

"Khomo ili," anatero, "silidzatsekedwanso. Ndanena ine."

M'mawa mwake madzi a pakasupe paja anali atachepa, ndipo pofika masana anayamba kuyera. Nkhanu anali pomwepo kuwayang'ana pamene mthunzi waukulu unamuphimba. Anali a Mvuu, okha, maso awo akuonetsa kuti agona tulo tokwanira.

"Iwe, ukundiyesa chitsiru?"

"Ayi, bwana. Chitsiru chikanagunda mwala wa m'mbali."

A Mvuu anafwenthera. Sikunali kuseka kwenikweni, koma sikunali kutali nako.

"Khoma lili bwanji? Usandikometsere."

"Laima, ndipo laima chifukwa munalitsindira bwino poyamba paja. Lina likanapita dzana. Koma lavulala m'kati. Madzi akatsika tiyenera kufukula pamene panadutsa matope, kuthira dongo latsopano, n'kutsindira pang'onopang'ono. Pafunika mapazi olemera."

"Mkazi wako anafika pachulu?"

"Sanafike, bwana. Anali pakati pa njira. Madzi akanadzera pamwamba pa khoma, akanamupeza pomwepo."

A Mvuu anayang'ana khoma, n'kuyang'ana kanyumba ka Nkhanu kamene kanali pansi pake, n'kuyang'ananso khoma. Kenako anafunsa:

"Wanyamula ana angati?"

"Sitinawerenge. Mwina makumi atatu."

"Makumi atatu," anatero a Mvuu chapansipansi. Kenako anaweramitsa mutu wawo waukuluwo mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza pakasupe. "Tandionetsa penipeni pamene panatulukira matopewo. Ndikufuna ndizipadziwa ndekha."

Nkhanu anawaonetsa. Chilimwe chitafika, a Mvuu ndiwo anali oyamba kufika pantchito ndi omaliza kuweruka, ndipo damu laling'onolo linamwetsa ana a Nkhanu, ndi ana awo, ndi ana a anawo.

Nthano yanga yaphwera pamenepa. Amene adakali ndi ludzu akatunge yekha.